Dzina Lachisanu pa Khadi

1. Zitini za amayi

Bambo anga, a Zakaria, anali munthu wabwino kwa aliyense. Pa maliro awo anthu anadzaza msewu wathu wonse ku Warren Park, mu Harare, moti makombi, maminibasi a kuno, ankachita kukhotera kwina. Aliyense anali ndi nkhani ya zimene malemuwo anamuchitira. Ine ndinkangomvetsera. Patatha milungu iwiri ndinapita kukoleji kukatenga mabuku ndi bulangete langa, chifukwa munthu wabwinoyo sanasiye kanthu kubanki.

Ndine Laston. Ndinkaphunzira zamagetsi, chaka chachiwiri. Pano ndimanyamula matumba a feteleza ku Willowvale, masiku amene kapitawo wandiloza pa geti.

Loweruka lomaliza la Seputembala, patatha miyezi itatu chimwalirireni bambo, amayi anatiitana ine ndi mlongo wanga Ratidzo. Anayala nsalu patebulo n'kundandalika zitini zawo za jamu. Amatero mwezi uliwonse ukatha. Ndalama za lendi ya chipinda chakuseri, za masamba amene amagulitsa pa geti ndi za maganyu anga zimayamba zakumana pansalupo, kenako n'kugawidwa.

Pali chitini cha ufa ndi mafuta, cha magetsi ndi gasi, ndi cha mayeso a Ratidzo, amene alemba Fomu 4 chaka chamawa. Ndiye pali kachitini kakang'ono ka koleji, kamene amayi amaponyamo madola asanu.

"Ndi kameneko ndidzabwerera kusukulu imvi zili mbuu," ndinatero.

"Imvi siziletsa munthu kuwerenga," amayi anayankha osandiyang'ana.

"Mukoma adzakhala desiki imodzi ndi ana anga," anatero Ratidzo, amene amanditchula mukoma, achimwene m'chilankhulo cha kuno. "Azidzawabera mayankho."

Amayi anandipatsa madola khumi a kombi a sabata imeneyo. Kenako anatsegula Baibulo la bambo n'kutulutsamo khadi lobiriwira.

"Mawa kuli msonkhano wa sosaite ya maliro. Miyezi itatu imene amapatsa ofedwa kuti asalipire yatha. Khadili likufuna mwini watsopano, ndipo mwiniyo ndiwe."

Sosaite imeneyi ndi imene inagula bokosi la bambo, kubweretsa basi ndi kudyetsa olira. Anaiyambitsa ndi agogo athu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, poopa kufera kutali popanda wowaika. Dzina lililonse pa khadi limalipiridwa madola asanu pa mwezi.

Ndinawerenga mainawo. Zakaria, lodulidwa ndi mzere wofiira. Annet, amayi. Laston. Ratidzo. Pansi penipeni panali lachisanu: Augusto.

"Augusto ndi ndani?"

"Mnzawo wa bambo ako. Nkhalamba ya ku Tete, imakhala ku Epworth. Ankagwira limodzi fakitale isanatsekedwe."

"Ndi m'bale wathu?"

"Ayi."

"Anatichitirapo chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye bambo anayamba liti kumulipirira?"

"Iwe uli Giredi 5."

Ndinaika khadilo patebulo. Zaka khumi ndi chimodzi. Fizi imene inanditulutsa m'kalasi sinafike ngakhale pa ndalama zimene analipirira dzinalo.

Pansalu panali patatsala madola khumi ndi asanu okha. Maina atatu.

2. Chenjezo la amalume

Tisanamalize, panja panaima kagalimoto ka amalume a Blessmore, mchimwene wa amayi. Amanyamula nako anthu m'tauni, asanu ndi awiri m'malo mwa anayi. Analowa akuzunguza makiyi pa chala, nadzithirira tiyi okha.

Ratidzo ndi amene anawauza za dzinalo. Amalume anaika kapu pansi.

"Tamvera kuno, mphwanga. Alamu anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali ndi matenda amodzi. Dzanja lawo silinkadziwa kufumbata. Ndinkawauza ine kuti alamu, chifundo chili ngati madzi a pampopi kuno kwathu. Tsiku limene abwera umayamba wadzaza migolo ya m'nyumba mwako, kenako n'kuitana aneba. Iwo ankayamba ndi aneba. Lero ndi izi. Iwe wasiya sukulu. Mlongo wakoyu mayeso ali pakhomo. Sisi wangayu amadzuka 4 koloko kupita ku Mbare kukapikula masamba, miyendo ili chitupire. Ndiye mukhale mukugulira bokosi munthu amene ngakhale nkhope yake simuidziwa? Harare yonseyi yadzaza ndi a Augusto, mfana. Ukati uwalipirire onse udzagulitsa ndi malata omwe. Mawa ukaimirire, ukalichotse dzinalo. Si nkhanza ayi. Wakufa wapita ndi malonjezo ake."

"Ndikalichotsa, amalume," ndinatero. "Ndaganiza kale."

"Ehee! Mutu wa kukoleji umenewo."

Amayi anasonkhanitsa zitini zawo. Ankamanga nsalu ija mfundo.

"Nanga akafa gogo ameneyo, adzamuika ndani?" anafunsa Ratidzo.

"Boma lilipo," anatero amalume. "Iwe werenga mabuku."

3. Mawu a sosaite

Lamlungu titatuluka m'mapemphero tinalowa m'kachipinda kakuseri kwa tchalitchi. Munali anthu ngati makumi anayi, ambiri a iwo okalamba. Aka kanali koyamba kuti ine ndilowemo. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo wapampando anali a Eliya, amene anapuma ntchito ya njanji ine ndisanabadwe. Ndodo yawo inali chigonere patebulopo.

Eni makadi ankaitanidwa mmodzimmodzi. Asanafike pa ine, anaitana bambo wina wa ku Kambuzuma. Bamboyo anati akufuna kuchotsa mlamu wake, popeza ukwati wa mlongo wake unatha.

"Kwezani khadi, munene," anatero a Eliya.

Bamboyo anatembenukira anthu, nakweza khadi m'mwamba.

"Tadiwanashe, amene ali pa khadi langa, ife sitikumudziwa."

"Tamva!" anthu onse anayankha pamodzi.

Mlembi anadula mzere wofiira.

"Koma mowa wake munkaudziwa!" anakuwa mayi wina kumbuyo. Anthu anaseka.

Ndinawanong'oneza amayi. "Nanenso ndikanena choncho?"

"Ndi lamulo."

Dzina langa litaitanidwa ndinapita kutsogolo. A Eliya anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wa Zakaria. Mphumi ndi yomweyo. Khadi ukulilandira?"

"Ndikulilandira, bambo. Koma dzina lachisanu lichoke."

"Ndi ufulu wako. Koma lamulo limati wapampando ayambe wanena zimene akudziwa za dzinalo. Za mlamu uja sindinkadziwa kanthu. Za ili ndikudziwa."

Anavula magalasi.

"Chaka chimene bambo ako analembetsa dzinali, tinapita kumanda kukaika mnzathu wina. Tikutuluka, panafika lole. Munatsika akaidi ndi msilikali wowalondera. Anatsitsa mitembo isanu ndi iwiri yokulungidwa m'mapulasitiki akuda, n'kuiika m'dzenje limodzi. Panalibe nyimbo. Panalibe wonena kuti uyu anali mwana wa uje, kwawo n'kwakuti. Mlonda wa kumandako anatiuza kuti ndi anthu amene agona mochale miyezi popanda wowafunsa, ena a iwo matchona ngati ife. Zakaria anali nafe, anaona zonsezi. Lamlungu lotsatira anabwera ndi dzina ili. Anati, munthu amene ndanyema naye buledi zaka zisanu ndi zinayi sadzakwera lole ija. Augusto anathawa nkhondo ali mnyamata. Mudzi wake unapsa. Alibe mkazi, alibe mwana, alibe chitupa. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa. Sindikukukakamiza, mwanawe. Nyumba yanu ndikuidziwa, ndipo njala siipempha chilolezo. Makolo athu anaika mawu ajawa kuti munthu asafufute mnzake mobisa, ndiponso kuti tsiku la maliro asadzabwere kuno akulira kuti sanadziwe. Kweza khadi, unene."

Ndinatembenukira anthu. Ndinakweza khadi.

"Augusto, amene ali pa khadi langa…"

Anthu anadikira. Amalume anatsokomola dala kumbuyo. Ndinayambanso, ndipo ndinaimanso pomwepo. Miyezi itatu yapitayo anthu omwewa anaimbira bambo anga mpaka mawu kusasa, ndipo mayi wa nthabwala uja ndi amene anagwira amayi kuti asagwere m'manda.

Ndinatsitsa khadi.

"Chotsani langa," ndinatero. "Lake likhale. Ine ndidakali mnyamata."

M'chipindamo munabuka phokoso. A Eliya anamenya tebulo ndi ndodo.

"Wamva ngati wachita chamuna, eti? Tsono tamvera. Ukachotsa dzina lako, iwe sutaya kanthu. Kombi ikakugunda mawa, iwe ugona phee. Amene adzayende khomo ndi khomo kupempha ya bokosi ndi mayi akowa. Kumeneko si kupatsa, ndi kupisa m'thumba la mwini. Ine ndaika anyamata ambiri kuposa nkhalamba, usandiuze za unyamata. China ndi ichi. Sosaite si mbale ya chopereka, imene umaponyamo tsiku limene mtima watentha. Ndi mwezi ndi mwezi, mvula kaya dzuwa, mpaka mwini dzina atapita. Augusto akhoza kukhala zaka zina khumi, anthu a ku Tete ndi olimba ngati mlambe. Ukalipira miyezi isanu n'kutopa, wainamiza nkhalamba, bola ukanaiuza lero kuti idzionere yokha. Ngati ukufuna kupatsa, peza chimene chili chako, chimene ungathe kuchitaya mwezi uno, mwezi wamawa ndi chaka chamawa. Tuluka ndi mayi ako. Tikupatsani mphindi khumi."

4. Mphindi khumi

Tinaima panja pafupi ndi mjigo wa tchalitchi. Amayi anakonza duku lawo, ngakhale linali bwinobwino.

"Bambo ako sanandifunsepo," anatero. "Dzinalo ndinalipeza monga walipezera iwe. Mwezi wina tinadya ndiwo zopanda mafuta sabata yathunthu, iwe ukulira, kumeneko n'kuti iwo akulipirira mnzawo. Ndinakwiya nawo chaka chonse. Nkhalambayo ndinalibe nayo mlandu. Chimene chinandiwawa n'chakuti anatenga pansalu panga osandifunsa."

"Ine ndikukufunsani, amayi."

"Funsa."

"Kachitini ka koleji kaja. Ndi madola asanu omwewo."

"Kameneko usakakhudze."

"Koma ndi kanga."

"Si kako. Ndi kanga. Ndi kamene kamandidzutsa 4 koloko. Funa pena."

Ndinapisa m'thumba. Madola khumi a kombi anali momwemo. Kupita ku Willowvale ndi dola imodzi, kubwerera ndi dola imodzi.

"Ndiziyenda wapansi kasanu pa mwezi," ndinatero. "M'mawa kumakhala kozizira, ndikhoza."

"M'mawa ayi. Kapitawo amaloza anthu 6 koloko. Ukachedwa mphindi zisanu wataya tsiku lonse, ndiye kuti walipira ndi ufa wathu. Uziyenda pobwerera."

"Pobwerera ndimakhala nditasenza matumba tsiku lonse. Ndi maola awiri, amayi."

"Ndikudziwa."

"Msana umakhala ukuyaka."

"Ndikudziwa. Ngati sungathe, lowa ukanene mawu aja. Palibe adzakuseke, ndipo ine sindidzakuona ngati woipa."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinali za bambo, zokulirapo pang'ono.

"Nditha."

"Ndiye mva changa. Mwezi umene udzabwere kudzagogoda pa chitini cha ufa kapena cha Ratidzo chifukwa cha dzina limeneli, ndidzaimirira ndekha m'chipinda muja. Mawuwo ine sandivuta. Wamva?"

"Ndamva."

Tinalowanso. Amayi anaika madola awo khumi ndi asanu patebulo, ine ndinaikapo asanu anga. Sabata imeneyo ndiye kuti ndibwerera wapansi masiku onse.

"Maina anayi," ndinatero. "Onse tikuwadziwa."

"Zachokera kuti zisanuzi?" anafunsa a Eliya.

"M'miyendo mwake," anayankha amayi.

A Eliya anagwedeza mutu, ndipo mlembi analemba dzina langa pamwamba pa khadi.

"Matenda a alamu ndi otengera," amalume anauza munthu amene anakhala naye pafupi, mokweza kuti ndimve.

"Latsala lamulo limodzi," anatero a Eliya. "Mwini watsopano amaonana maso ndi maso ndi aliyense amene ali pa khadi, n'kumuuza kuti khadi lasintha dzanja. Mayi ako ndi mlongo wako amva. Watsala wa ku Epworth. Ukatsike pa miyala itatu yosanjikizana, ukafunse Stélia wogulitsa makala."

5. Ku Epworth

Amalume ndi amene anandiperekeza masana omwewo.

"Usaganize kuti ndasintha maganizo," anatero akuliza injini. "Ndikufuna ukalione wekha dzenje limene ukuponyamo ndalama. Petulo udzandibwezera ukadzalemera, ndiye kuti sindidzamuonanso."

Titadutsa tauni phula linatha. Kagalimoto kankagunda pansi, amalume n'kumatukwana mwala uliwonse pawokha. Nyumba zinali za zidina zosaotcha, zina zofolera ndi mapulasitiki opanikiza ndi matayala.

Mayi Stélia tinawapeza pa miyala ija, manja ali bii ndi makala. Nditatchula dzina la a Augusto analoza ndi chibwano.

"Si awo ali apowo. Mwezi ukamatha amavala jekete n'kukhala pamenepo kuyang'ana kumsewu. Ati ali ndi mnzawo amene amabwera ndi buledi ndi shuga. Miyezi itatu tsopano sakuoneka. Iwo akuti kapena anamulakwira mawu."

Amalume anasiya kuzunguza makiyi.

"Simunatumize uthenga?" anandifunsa motsitsa.

Tinalengeza maliro kutchalitchi. Tinatumiza mauthenga pa foni mpaka kwa abale a ku Joni ndi a ku Dedza. A Augusto analibe foni, ndipo pa ife amene tinkalemba maina a owauza, panalibe amene anawakumbukira.

Anali atakhala pa benchi kutsogolo kwa kanyumba ka chipinda chimodzi. Anali wamtali, woonda, maso otuwa ngati mkaka wothira madzi. Jekete yawo inali yotsukidwa bwino. Ndinagwada pambali pawo.

"Muli bwanji, agogo?"

"Ndani ameneyo?"

"Ndine Laston, mwana wa a Zakaria."

Nkhope yawo yonse inatseguka. Anafufuza mutu wanga ndi dzanja mpaka anaupeza.

"Wa magetsi uja! Aa! Bambo ako amanena za iwe mpaka makutu kuwawa. Ati ukamaliza sukulu udzandiikira getsi m'nyumba muno, ndizidzaona mphemvu zanga bwinobwino." Anaseka, kenako anatchera khutu kumsewu. "Ndamva galimoto. Ali m'menemo? Muuze atsike. Ngati ndinamulakwira, tikambirane ngati amuna, asachite kutuma mwana."

Ndinayang'ana amalume. Anali atavula kapusi.

"Agogo," ndinatero, "bambo anatisiya. Mu Juni. Anadwala masiku anayi okha."

Dzanja lija linakhalabe pamutu panga, koma linalemera.

"Munamuika?"

"Tinawaika."

"Ine kulibe."

"Pepani, agogo. Tinalakwa. Koma ndabwera kudzakuuzani kuti dzina lanu lidakali pa khadi la sosaite. Tsopano ndikulipira ndine. Musade nkhawa."

"Khadi," anatero. "Ndani wafunsa za khadi?"

Anachotsa dzanja lawo. Anayamba kumanga mabatani a jekete, limodzilimodzi, kuyambira pansi mpaka pakhosi. Kenako anafufuza ndodo pansi pa benchi, naimirira.

"Tinapangana kuti ine ndi amene nditsogole. Iye ndiye anali woti adzanene dzina la mudzi wanga pamanda. Nditengereni kumene wagona. Lero lomwe."

Amalume anayang'ana dzuwa, nayang'ana kagalimoto kawo. Sananene za petulo. Anapita kukatsegula chitseko chakutsogolo, nawagwira mkono a Augusto powakweza.

Ndikuti ndikwere, Mayi Stélia anandikoka malaya.

"Inu ndinu abale awo?"

"Ali pa khadi lathu."

"Ndiye mumve, poti iwo akukana kumva. Mwini malo wagulitsa kanyumbaka. Wogulayo akubwera Lachisanu kudzagwetsa. Ine ndawadyetsa miyezi itatu, koma pogona ndilibe, tilimo asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Mukapita nawo, muganize kumene mukawasiye."

Amalume anamva zonse. Anandiyang'ana pamwamba pa denga la galimoto.

"Madola asanu, eti?" anatero.

A Augusto anali atakhala chilili pampando, ndodo ili pakati pa maondo, nkhope italoza kutsogolo.

"Tiyeni, amalume," ndinatero. "Tiyambira kumanda. Kenako tikafunsa amayi."